Boti Lomwe Linamira Chifukwa cha Ulemu Wanga

Malume anga ndi amene anandikokera ku kalabu ya maboti a matanga. Iwowo madzi amawaopa, boti sanakwerepo n'kamodzi komwe, koma mnzawo wa kuntchito atawalembetsa anakapezako chinthu chimene amachikonda kuposa nyama: komiti. Kutchalitchi ndi mkulu wa mpingo, kukalabu ndi mlembi. Munthu wotere ukangomupatsa mpando ndi cholembera, wamugula.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikugona pa sofa m'fulati yawo ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow. Sukulu ndinaisiyira panjira nditayankhana ndi mphunzitsi. Kotsuka magalimoto anandichotsa nditauza kasitomala wina zoti sindingazilembe pano. Mtima wanga ndi wapachala, sindikana.

"Tamvera iwe," anatero malume tsiku lina. "Kukalabu kuli mdala wina ali ndi malo ake okonzera maboti. Akufuna munthu woti amuphunzitse ntchito. Ndawauza kuti ndiwe wofatsa."

"Mwanama, malume."

"Ndanama, inde, ine mkulu wa mpingo. Ndiye usandiyalutse. Loweruka lililonse mpaka maboti alowe m'madzi uzikagwira nawo ntchito, iwo azikuona. Ukangokweza mawu kamodzi, ntchitoyo waitaya."

Ntchitoyo ndinkaifuna. Ndinali nditatopa ndi kudzuka masana n'kumayang'ana ngalande pawindo.

Kalabuyo ili pa kanyanja kena kunja kwa tauni. Nyengo yozizira maboti onse amakhala pamtunda, ndipo chakumapeto kwa Malichi mamembala amabwera kudzawakonza mongodzipereka. Zimenezi zinandivuta kumvetsa. Madokotala, maloya, anthu a nyumba zotentha bwino, kudzagwada m'matope mphepo ikuwaomba, n'kumapala ndere pansi pa boti, kwinaku akuseka. Ndinkati mwina ndi chilango cha kukhoti.

Mdala uja anali wamfupi, wa ndevu zoyera, wosamva bwino khutu limodzi. Anandipatsa sandipepala n'kundilozera boti lamatabwa. Ndinapala mpaka zala kutupa. Ndinaphunzira kupaka vanishi, kusoka thanga long'ambika, kusiyanitsa chingwe chowola ndi chabwino. Ikakwana leveni koloko aliyense ankasiya zimene wagwira kukamwa tiyi, ngakhale penti ikuuma pa burashi. Tiyi ameneyo sankaphonyedwa, kuposa mapemphero.

Mayesero analipo. Panali bambo wina, dokotala wa mano wopuma pantchito, amene ankabwera ndi magolovesi atsopano sabata iliyonse koma osagwira kanthu. Loweruka lachitatu anaika kapu yake ya tiyi pa mpando wa boti umene ndinali nditangoupaka vanishi. Ataichotsa panatsala chizindikiro chozungulira, ntchito ya masiku awiri.  Ndinamwetulira n'kunena kuti palibe kanthu, kenako ndinapita kuseri kwa shedi kukatukwana mtengo m'Chichewa. Mtengo umenewo unamva zambiri chaka chimenecho.

Pobwerera m'galimoto malume ankandiphunzitsa. "Wamkulu akalakwitsa sumuuza kuti mwalakwitsa. Umadikira amalize kulankhula. Umayamba ndi pepani. Umafunsa ngati kuti wosadziwa ndiwe."

Ndinaziloweza ngati katekisimu.

Tsiku lolowetsa maboti linafika mu Epulo. Lamulo la pakalabupo ndi lakuti boti la injini, lopulumutsira anthu akagubuduzika, ndi limene limayamba kulowa, ndipo amene amaliyendetsa ndi mdala uja, chaka ndi chaka. Boti limeneli lili ndi kabowo kumbuyo, mmunsi. Likakhala pamtunda amachotsa chotsekera chake kuti madzi a mvula azituluka, ndipo asanalilowetse amachibwezera.

Anthu anagwira chingwe n'kuyamba kutsitsa ngolo yonyamula botilo pamalo otsetsereka. Mdala anali ataimirira m'botimo, akulamula ngati kapitawo wa pa esiteti. Ine ndinali kumbuyo, ndipo ndinaona chotsekera chija chikulendewera pa kachingwe kake, kabowo kali pululu.

Ndinayandikira, manja kumbuyo. "Pepani, bambo."

"Dikira kaye, mwana wanga," anatero, n'kupitiriza kukalipira ogwira chingwe.

Ndinadikira. Wamkulu anali asanamalize kulankhula. Matayala a ngolo anakhudza madzi. Ndinayang'ana malume, iwo anandibwezera diso lija la kutchalitchi, lija limakhazika pansi ana a Sande sukulu.

"Pepani, bambo, ndimati ndifunse nawo, mwina ndine amene sindikudziwa, kodi kabowo kakumbuyoku..."

Ndinali kumbali ya khutu losamva lija. Mdala anakoka chingwe cha injini, injini inalira, boti linachoka. Anthu anaomba m'manja. Dokotala wa mano anajambula chithunzi.

Sanapite patali. Tinaona akuyang'ana kumapazi, kenako akutembenuza boti mwachangu. Linkabwera pang'onopang'ono, kumbuyo kukumira, mphuno ili m'mwamba ngati ng'ombe ikuwoloka mtsinje. Litatsala pang'ono kufika, injini inamwa madzi n'kuzima. Mdala anatsika, madzi ozizira a mu Epulo akuwafika m'chiuno, ndipo tonse tinalowa kukakoka.

Atafika pamtunda, mano akugundana, anayang'ana uku ndi uku. "Amene amati pepani uja ndani?"

"Ndine, bambo."

"Unaona?"

"Ndinaona."

"Liti?"

"Ngolo isanafike m'madzi."

Apa mdala anandivumbwitsa ndi mawu. Anati ndine chitsiru, chidole, munthu woti angaonerere nyumba ikupsa akufunafuna mawu abwino. Anati maso anga ndi ongokongoletsa nkhope. Zina zinali za m'Chingerezi chakuya cha ku Glasgow chimene mpaka lero sindinachipeze m'buku.

Masabata anga asanu a kufatsa anathera pomwepo. Ndinawauza kuti woiwala chotsekera ndi iwo, si ine. Kuti ndinawaitana kawiri iwo ali kalikiliki kudzionetsa. Kuti mwezi wonse ndakhala ndikumeza malovu ngati mkamwini pamene anthu akuika makapu pa vanishi wanga. Dokotala wa mano anabisa kapu kumbuyo. Mawu anga anafika kutsidya kwa kanyanjako, abakha anauluka. Ndili pakati pokalipa ndinadziwa kuti ntchito yapita, ndiye ndinangoti bola ndimalize zonse.

Nditamaliza ndinacheuka. Malume anali atatseka maso, milomo ikuyenda.

Mdala anafinya madzi m'chipewa chawo. "Ndiye mawu uli nawo," anatero. Anatembenukira kwa malume. "Inu munandiuza kuti ndi wofatsa. Ndinatsala pang'ono kumukana. Kwanga timakweza maboti m'mwamba ndi unyolo, anthu ali pansi. Wofatsa ndimutani? Adzandipha ndi pepani wake."



"Lolemba seveni koloko," mdala anandiuza. "Ukaona chinthu, kuwa. Zotukwanazo uzisunge, uzinena tikamaliza."

Tinakwera galimoto, tinawoloka mlatho wa pangalande. Kenako malume anati, "Koma za mkamwini zija zinalowa bwanji? Unakwatira liti iwe?"

Lolemba ndinafika isanakwane seveni. Pa benchi panali injini ija, madzi akudonthabe. Mdala anandiponyera sipanala osandiyang'ana.

"Iyi tinaimiza awiri," anatero. "Koma womasula ndiwe."