Kansomba Pansi pa Mpope

Mumzinda wa Shkodër aliyense amadziwa kuti tcheni cha njinga chikaduka upite kwa a Ndrek Palushi, koma ngati ukufuna kugona wokondwa usawaonetse mfuti ya agogo ako. Boma lakale litagwa, anthu anayamba kufukula timfuti tatifupi ta gogodela, tija toyatsira ndi mwala, timene anatibisa m'zipupa zaka makumi anayi. Aliyense ankafuna kumva mawu amodzi basi, akuti mfuti yake ndi ya ku Venisi, mzinda wa Ataliyana. Tsoka lake, a Ndrek bodza linkawakanika.

Ntchito yoona mfutiyi ankagwira ulere, koma anali ndi chawo mumtima. Agogo awo anawauza kuti kholo lawo, a Palush, ankasula mfuti kumsika wakale. Pamwamba ankalemba mayina a Chitaliyana poti ogula ankafuna zimenezo, koma pansi pa mpope wa mfuti, pobisika ndi thabwa, ankadinda kansomba. A Ndrek anamasula mfuti zoposa mazana awiri, kansomba osakaona. Zaka zawo zakubadwa zinakwana makumi asanu ndi awiri, maso anayamba kuchita nkhungu, ndipo ankaopa kufa anthu akuyesa kuti nkhaniyo ndi nthano.

"Nsomba zili kunyanja, bambo, inu mukuzisaka m'chitsulo," ankawaseka akazi awo, a Tereze, uku akuwapatsa khofi.

M'mawa wina kunabwera mayi Luçie, wogulitsa tchizi, atakulunga mfuti m'thawulo. Mwana wawo amakwatiwa Loweruka, ndiye amafuna akaipachike pakhoma apongozi akaone.

"Ingondiuzani chaka, a Ndrek. Zoti ndi ya ku Venisi ndikudziwa kale, malemba ndi awa."

A Ndrek malembawo sanawayang'ane n'komwe. Anakoka kandodo kotsindira onga. Kanakana kutuluka.

"Mayi, aka n'kokongoletsa chabe. Makolo athu kandodo kenikeni ankakapachika palamba, pamfuti ankangoikapo kachifanizo. Mtaliyana sakanapanga zotere. Iyi inabadwira pompano."

"Iii, n'chifukwa chake anthu amakudani! Bweretsani mfuti yanga."

"Dikirani ndiione kumimba."

Dzimbiri linalimba, koma mafuta a njinga anathandiza. Mpope utachoka, maso sanaone kanthu, ndiye anayendetsa chala chachikulu monga mwa masiku onse. Chala chinaima. Anachibweza, n'kuchiyendetsanso. Mchira, mimba, kamutu.

"Tereze! Tabwera undionere, mwina chala chikundinamiza."

A Tereze anavala magalasi, anayang'ana, n'kugwedeza mutu kuti kansomba kalipodi. A Ndrek analira osabisa, ndevu zonse zinanyowa, n'kufotokozera mayi Luçie za a Palush.

"Ndiye apongozi ndikawauze kuti inapangidwa kuseri kwa msika?" anadandaula mayiwo, koma mawu anali atafewa.

"Mukawauze kuti amene anaisula ali ndi dzina, ndipo mdzukulu wake alipo."

Mfutiyo sanaipemphe, si yawo. Anangotenga phula la kandulo, n'kulifewetsa m'manja, n'kulidinda pa kansombako. Mayi Luçie ataona zimenezo anasintha maganizo.

"Loweruka mubwere mudzafotokoze nokha. Koma muvale jekete, osati zamafutazi."

Phulalo a Ndrek amayenda nalo m'thumba la malaya mpaka lero. Maso anatheratu chaka chatha, koma anthu akubwerabe ndi mfuti zawo. Masiku ano wina akamva kuti yake si ya ku Venisi, sakwiya msanga, amayamba wafunsa kuti, "Nanga kansomba kalipo?"