Mjapani amene anasenza mchenga wa m'munda mwathu

Mukanditchulira a Kawerama, imayamba kuyankha ndi mphuno: fungo la matope a kudambo losakanikirana ndi la tiyi wawo wobiriwira, wopanda shuga, amene ife ana tikapatsidwa tinkakamulavulira kuseri kwa nthochi. Anali Mjapani wamfupi, wa miyendo ngati bango, wobwera kudzatiphunzitsa kulima mpunga, ife obadwira mumpunga! Nyumba yawo inayandikana ndi yathu ku Liwaladzi, ndipo dzinalo tinawapatsa chifukwa ankaweramira aliyense. Ena amati ngakhale mbuzi, koma zimenezo sindinaone, ndisawanamizire.

Chaka china mvula inagwa ngati tailakwira, mtsinje n'kusefukira, kukokolola nkhokwe, ziweto ndi makoma. Madzi ataphwa tinapeza munda wathu utakwiririka ndi mchenga wolekeza m'mawondo. Bambo anauyang'ana kamodzi kokha.

"Make Saidi, mangani katundu. Ndikadule nzimbe ku Dwangwa. Mundawo autenge woufuna."

Saidiyo ndine. Mayi analira, poti mundawo unali wa makolo awo, ndipo kuno munda ukausiya, pobwerera umapeza wina akukolola. Koma katundu anamanga.

M'mawa mwake tinaona zoseketsa. Nyumba ya a Kawerama inali itagwa yonse, kungotsala felemu la chitseko litaima lokha. Eni ake anali atasesa pansi mbee, atatsuka makapu ndi kuwayala pamphasa. Anapita kukataya zinyalala, ndipo pobwera, m'malo mongodutsa paliponse, anadzera pakhomo pomwepo, kuvula nsapato, n'kulowa.

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, nsapato mukuvuliranji? Nyumba yake iti?"

"Nyumba alipo," anayankha m'Chichewa chawo chotsimphina. "Khoma yekha wapita. Kwathu dziko amagwedezeka, nyanja amalowa m'mudzi. Ine mwana, nyanja anadya nyumba yathu. Mayi analira. Kutacha, anatsuka mbale."

Atatero anavalanso nsapato zija, kutenga fosholo ndi dengu, n'kulunjika kudambo. Tinkayesa akukatapa dothi loumbira njerwa zawo. Ayi, anakalowa m'munda mwathu. Kudzaza dengu, kusenza, kukataya kumalire, kubwereranso, thukuta lili kamukamu. Bambo anakhala pa mtolo wa katundu kunamizira kuti sakuona, mpaka amayi ena ochokera kunyanja anaima pamsewu, mitsuko ili pamutu, n'kukuwira bambo:

"Aphiri, mwalemba ganyu wochokera kutali bwanji! Ukamwini wa masiku ano ndi wokoma, eti?"

Bambo anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. "Munda wa mkazi wanga ausenze Mjapani ine ndili moyo?" Anathamangira kudambo n'kukalanda dengu lija. A Kawerama anawerama, n'kupita kukabwereka lina.

Tinasenza mchenga umenewo mpaka khosi kuuma, mayi ndi lichero, ine ndi beseni lobooka. Mbande tinakapempha kwa achibale ku Malengachanzi, n'kuwokera mochedwa anzathu akutiseka. Mpunga wake unali wochepa, chaka chimenecho tinakhalira kondowole, koma katundu uja anamasulidwa ndipo ku Dwangwa sitinapite.

A Kawerama anabwerera kwawo, sitinamvenso za iwo. Nditakula kale ndinaona pa kanema kuboma nyanja italowanso m'dziko lawo, anthu ataima pamzere mwakachetechete kudikira madzi akumwa, wopanda wokankha mnzake. Anyamata ankadabwa. Ine ndinangosendera pafupi kuyang'ana nkhope imodziimodzi, mwina n'kuona ya mnansi wathu. Sindinaione.

Mundawo ndikulimabe ine. Mvula yapitayi mchenga wakwiriranso mbali ya kumunsi, ndipo mwana wanga wa ku Lilongwe akuimba foni tsiku ndi tsiku kuti, "Adadi, mwakula, bwerani mudzapume kuno." Ndamuuza kuti ngati akundimveradi chisoni anditumizire wilibala, poti khosili pa dengu latopa.