Tsiku limene achemwali anaponda moto ku Chiwanga

Ndinatseka benchi langa la zovala za kaunjika Lachisanu masana, ndipo Loweruka m'mamawa ndinali kale pa siteji ya machapa, maminibasi opita ku Metangula, mu Lichinga muno, mano akugundana ndi chisanu cha Juni. Achemwali anga a Marita anali atandiimbira foni kuti akaponda moto ku Chiwanga tsiku limenelo. Poyamba ndinayesa akuphiphiritsa. Iwo anati ayi, ndi moto weniweni wa makala, ndipo alamu athu alipira kale.

Nkhani yake inali yotere. Amuna a achemwali anamwalira mvula ikutha, atatupa miyendo ndi nkhope. Kuchipatala anati ndi impso. Abale a malemu anati ndi mdulo: akuti achemwali anayenda ndi mwamuna wina, nathira mchere m'ndiwo ali otentha. Ankanena mayi amene anagona pa simenti ya m'chipatala mpaka nthiti kuuma, akudwazika matenda amene abalewo ankangowaonera pakhomo. Mkulu wa malemu, a Sitefano, ndiwo ankatsogolera nyimboyi. Mawu awo anali akuti mkazi wodula mwamuna sakhala pa nyumba ya mwamunayo, ndipo nyumbayo ndi ya malata, ili ndi munda wa chinangwa kuseri.

"Trezentu, mama," anatero kondakitala wa chapa, kutanthauza mametikali mazana atatu. Ndinalipira osanenerera, zimene sindichita ine. Anatipanikiza anayi anayi pa mpando wa atatu, ndipo bondo la bambo wina linakhala mlendo m'nthiti mwanga mpaka ku Maniamba.

Pa Maniamba galimoto inaima kuti injini ipume. Ndinagula chimanga chootcha. Bambo wa bondo uja, amene anati ndi wosoka maukonde ku Msumba, anayamba kufotokozera anthu za moto wa ku Chiwanga. Nyumba ina ya alendo kumeneko inaitanitsa katswiri wochokera kunja kuti anthu ayende pa makala opanda nsapato. Aliyense woyenda amapeza anthu omulipirira, ndipo ndalamazo zikamangira amayi oyembekezera pogona pafupi ndi chipatala, kuti asamaberekere m'njira.

"Zabwino zimenezo," anatero mayi wina wonyamula nkhuku.

"Zabwino ndithu," anayankha bamboyo. "Koma munamumva wolengeza uja? Wazungulira pa njinga sabata yonse ndi chimkuzamawu, akuti wa mtima woyera sapsa."

"Ndiye kuululika zambiri lero," anatero mayiyo, galimoto yonse n'kuseka.

Ine sindinaseke. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chimene a Sitefano anagula ndi ndalama zawo, ndipo mtima unandiwira ngati ndathiridwa madzi otentha.

Kuchoka apo msewu umatsika phiri mokhotakhota. Makutu anatseka, mabuleki ananunkha, ndipo amene tinakwera titavala majuzi tinayamba kuvula, kugundana zigongono. Tinafika ku Metangula dzuwa lili pamutu. Wa njinga yamoto anandiuza mametikali zana kukafika ku Chiwanga, ndipo njira yonse ankandifunsa ngati nanenso ndikukaponda. Ndinamuuza kuti ayang'ane mchenga wa kutsogolo, asatigwetse.

Achemwali ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa ngati tsiku lina lililonse. Moni tinapatsana wa m'khosi.

"Achemwali, simupita kumeneko. Ndabwera kudzakuletsani."

"Rozina, khala pansi uyambe wamwa madzi."

"Madzi ndimwa. Koma inu mwalakwa chiyani kuti mukawotchedwe pamaso pa anthu?"

"Ndikakana anena kuti ndaopa. Kumsika akazi akumasuntha madengu ndikafika. Kutchalitchi benchi langa likumakhala ndi malo ambiri. Iwe uli ku Lichinga, ine ndimagona pano. Bola ndiponde, nkhani ithe."

Ndinaona kuti pamenepa sindiphula kanthu, ndiye ndinalunjika ku nyumba ya alendo ija. Woyendetsa zonse anali mayi wachitsikana wa ku Maputo, waulemu wake, wovala sikipa yojambulidwa malawi. Nditatchula dzina la achemwali, nkhope yake inawala.

"Dona Marita? Ameneyo ndiye watiposa tonse. Banja lonse la amuna awo lasonkha m'dzina lawo. Ndinalira nditamva. Kukonda mayi wamasiye chotere!"

Chipwitikizi changa ndi cha pamsika, koma tsiku limenelo chinakwana. Ndinamufotokozera za mdulo, za mchere, za nyumba ya malata. Ndinamuuza kuti kuno anthu akamva zoti woyera mtima sapsa, amamva bwalo la mlandu. Iye anagwira pakamwa. Akuti katswiri uja ananena za mtima wodekha, wopanda mantha, ndipo wolengeza ndiye anasankha mawu akuti woyera.

"Palibe wokakamizidwa," anatero. "Tikhoza kuchotsa dzina lawo."

"Mukachotsa, mwawaweruza kale. Bwezani ndalamazo pamaso pa anthu, munene kuti moto uwu si wa milandu."

Apa anayang'ana pansi. Ndalama zinali zitagula kale simenti. Analonjeza kuti alankhula, ndipo analankhuladi, m'Chipwitikizi chosalala cha ku Maputo, ng'oma zikulira kale. Amene anamva mwina ndi ine ndekha.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi ichi. Anthu amenewa anakonzekera zonse. Anasankha mtundu wa nkhuni, anayeza kumene mwera ukuwombera, anaika ndowa za madzi, anaitana namwino. Koma sabata yonse palibe anaganiza zokhala pansi ndi mayi mmodzi woyanika usipa, kumufunsa kuti moto ndi kuyera zikatchulidwa pamodzi, anthu a kuno amamva chiyani. Ndipo ndalama zitabwera zambiri m'dzina la mayi wamasiye wosauka, anangoombera m'manja osafunsa kuti chikondi chadzidzidzi chimenechi chachokera kuti.

Mwambo unayamba masana kuti akutali abwerere kukuwala. Makala anawayala pa mchenga kuseri kwa nyumbayo, kutalika kwake ngati mphasa ziwiri zolumikiza. Anayamba ndi alendo. Ankakuwa, kuthamanga, kenako kukumbatirana ngati awoloka Zambezi. Mzungu wina wonenepa anatuluka ndi matuza, nakhala pa mpando mapazi ali m'beseni, akuseka. Khamu silinali ndi iwo ntchito. Maso onse anali pa achemwali, ndipo a Sitefano ndi abale awo anaima kutsogolo penipeni, manja kumbuyo.

Dzina lawo litaitanidwa ng'oma zinachita kuzizira zokha. Achemwali anamanga chitenje cholimba, nakwezako pang'ono, nayenda monga amayendera popita kukatunga madzi. Mapazi amene akhala akuponda mchenga wa Okutobala chibadwire sanachedwe pa makalapo. Namwino anawatukula phazi lina, kenako linalo, napukusa mutu. Panalibe ngakhale thuza limodzi.

Ndinaimba nthungululu mpaka kukhosi kuwawa. Kenako ndinapita kwa a Sitefano, ndipo ndikuvomera kuti ndinapita monyada.

"Alamu, mwaona?"

"Taona," anayankha modekha. "Moto ungatenthe bwanji moto unzake? Munthu wozizira akanapsako pang'ono, ngati mzungu uyo. Awa ngotentha, n'chifukwa chake."

Abale onse anagwedeza mitu. Mawuwo anayenda m'khamu kuchoka pakamwa kupita pakamwa, ine ndikuona. Ndinanena zambiri pamenepo zimene sindingalembe pano, koma zinangopita ndi mwera. Nthawi yomweyo mayi wa ku Maputo anali akuwaveka achemwali sikipa ya malawi ija, alendo akujambula. Achemwali anali atamva zonse. Anathokoza mwaulemu, nandikoka dzanja.

"Rozina, tiye ukandithandize kumanga katundu."

Lamlungu m'mawa tinakwera chapa pa Metangula ndi thumba la zovala, mapoto ndi makina awo osokera. Chinangwa chinatsala m'munda chitakhwima. Pogona pa amayi oyembekezera ndilibe napo mangawa, ndipo ndikufuna pamangidwe ndithu. Koma ndinaphunzira kuti munthu amene anthu amuweruza kale, ngakhale ayende pa moto, amangowapatsa umboni wina, ndiponso kuti wothandiza amene safunsa amatha kubwereketsa nkhuni zake kwa wozunza.

Tikukwera phiri, mayi wina wa pampando wakutsogolo anacheuka, nawayang'anitsitsa achemwali.

"Si inu munaponda moto dzulo osapsa?"

Achemwali anakonza thumba pamiyendo, maso ali pa msewu.

"Anakuuzani ndani kuti sindinapse?"