Funso Langa pa Sitima ya ku Liverpool

Kopelo linali lofiira, la mizere yotalikirana, ndipo pachikuto pake panali kapepala koyera kolembedwa dzina langa. Aphunzitsi anatigawira aliyense lake tsiku lotsekera sukulu, chaka chimene ndinakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi. Anati patchuthi chonsecho tifufuze mmene mabanja athu anafikira ku Birmingham, tizifunsa akuluakulu mafunso n'kumalemba mayankho. M'kalasi mwathu ku Handsworth pafupifupi mwana aliyense anali ndi kwawo kwina, ndiye aphunzitsiwo ankaona ngati atipatsa ntchito yosavuta. Anali mayi wabwino mtima. Sankadziwa kuti m'nyumba zina funso loti munabwera bwanji limasiyitsa anthu kudya.

Kwathu tinalipo atatu, amayi, amalume ndi ine, koma ndinaphunzitsidwa kunena kuti tilipo awiri. Amayi anali nesi pachipatala cha boma ndipo ankachoka m'mamawa ine ndisanadzuke. Amalume anali mlongo wawo wamng'ono. Anabwera kudzaphunzira za makompyuta, koleji yawo inatsekedwa asanamalize, ndipo viza yawo inatha iwo akufunafunabe sukulu ina. Ankagona m'kachipinda ka pamwamba pa masitepe, mmene munkangokwana matiresi ndi chikwama. Ndiwo ankasita yunifomu ya amayi, ndiwo ankandipesa tsitsi mopweteka uku akupepesa, ndiwonso ankandiperekeza kusukulu. Koma sankafika pageti. Ankaima pakona, pafupi ndi sitolo yogulitsa nsomba zouma, n'kumandiyang'ana mpaka nditalowa.

Malamulo anali awiri. Wina akagogoda, usatsegule. Wina akakufunsa, uziti ndimakhala ndi amayi basi. Chifukwa chake sanandiuze. Ndinkangomva kudzera pakhoma mawu akuti mapepala atha, ndipo ndinkaganiza kuti mapepala amatha ngati mmene amathera shuga, kuti tsiku lina amayi akalandira adzagula ena. Lero ndimaona kuti akanandiuza zoona zake ndikanasunga pakamwa. Mwana amasunga bwino chinsinsi chimene akuchimvetsa.

Chilimwe chimenecho kutchalitchi kwathu kunali manong'onong'o. Bambo wina woimba besi m'kwaya anagwidwa ndi a imigireshoni kuntchito kwake ku Sparkhill, ndipo patangotha milungu yochepa tinamva kuti ali ku Blantyre. Azimayi akamatsuka makapu tikatha mapemphero ankatsitsa mawu. Ankati amene anaimba foni sanali mzungu, anali Mmalawi mnzathu, mwina wa mumpingo momwemo. Dzina palibe ankalitchula. Anthu ankapatsanabe moni ndi manja awiri, koma funso loti mukugwira kuti masiku ano linasiya kufunsidwa.

M'mwezi wa Ogasiti amayi a Mvano anakonza ulendo wa mpingo wonse wopita ku Liverpool, kukaona doko ndi kukakwera sitima yoyendera alendo pamtsinje. Amalume anakana. Amayi anawakakamiza masiku atatu. "Upenga iwe m'kachipindamu," ankatero. "Pakati pa anthu odzaza basi yonse, ndani akakuone?" Inenso ndinalira kuti apite, chifukwa ndinkafuna munthu wondithandiza masipelo. Pomaliza anavomera. Anavala shati yoyera ndi kapusi imene anaitsitsa mpaka m'maso.

Popita tinaimba njira yonse. M'basimo munkanunkhira mandasi ndi nkhuku yokazinga, ndipo amayi busa ankayendetsa botolo la tiyi mpando ndi mpando. Amalume anakhala kumbuyo kwenikweni, koma titadutsa pakati pa ulendo ndinawamva akuyankhira nyimbo ndi mawu awo a tenala amene ndinali ndisanawamve miyezi yambiri.

Doko lija linandidabwitsa ndi mphepo yake. Inali mphepo ya mchere yosakanikirana ndi fungo la dizilo, ndipo inkakweza zitenje za azimayi mpaka ena anazigwira ndi manja onse awiri. Madzi sanali obiriwira monga ndinkaganizira. Anali oderako ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Tinatsika pa mlatho wachitsulo wotsetsereka, ndipo pansi pamene tinaima podikira sitima pankagwedezeka. Ndinagwira dzanja la amalume. Linali lonyowa ndi thukuta ngakhale kunali kuzizira.

Wotifotokozera malo anali mdala wa nkhope yofiira, wovala juzi yabuluu, atagwira maikolofoni. Mawu ake ankatuluka m'masipika amene anali ponseponse m'sitimamo, pamwamba ndi pansi pomwe. Sitima itachoka pagombe anatilozera nyumba yaitali yokhala ndi mbalame ziwiri zachitsulo pansonga, n'kunena kuti imodzi imayang'ana kunyanja kudikira amalinyero, inayo imayang'ana mumzinda kulondera otsala. Anatilozera nyumba zosungiramo katundu za njerwa zofiira, mmene kale munkadzaza thonje, shuga ndi fodya. Kenaka anatsitsa mawu n'kunena kuti padoko lomweli pankanyamuka zombo zokagula anthu ku Africa. Ponena zimenezi anatiyang'ana ife kamodzi, kenaka anayang'ana m'madzi. Mayi wina kumbuyo kwanga anangoti, "Mayo ine." Ine ndinkalemba mothamanga, mphepo ikutembenuza masamba a kope.

Anafotokozanso za anthu a ku Ireland amene anafika padokoli akuthawa njala, ndipo anati agogo a agogo ake anali m'gulu limenelo. Anafotokoza za mabanja amene ankagona m'mphepete mwa doko kudikira zombo za ku America, ndi mmene madokotala ankawayang'anira m'maso ndi m'kamwa asanakwere. Ena ankabwezedwa pomwepo, katundu ali pamutu, abale awo atakwera kale. Ndinaona amayi akupinda ndi kupindanso kapepala ka tiketi mpaka kanakhala kakang'ono ngati njere ya chimanga.

Titafika pakati pa mtsinje mdala uja anafunsa ngati pali wina ali ndi funso. Palibe wamkulu anakweza dzanja. Ine ndinakumbukira mawu a aphunzitsi akuti wofufuza wabwino sachita manyazi, ndipo ndinaimika mkono. Mdalayo anabwera akumwetulira, anawerama, n'kuika maikolofoni pakamwa panga. Ndinafunsa m'Chingerezi, monga mmene ndinkayankhulira chilichonse masiku amenewo. Ndinafunsa kuti anthu amene mapepala awo atha ankakagula kuti ena. Kenaka, pofuna kuti amvetse kuti funso langa linali lofunika, ndinawonjezera kuti, "My uncle's papers are finished."

Ndinadzimvera ndekha mawu anga akutuluka m'masipika onse, kutsogolo ndi kumbuyo, akulengeza kwa sitima yonse kuti mapepala a amalume anga atha. Zikhadabo za amayi zinalowa m'mkono mwanga. Sanandiyang'ane. Anthu a mpingo wathu onse anaweramira m'zikwama zawo ngati aliyense wataya kanthu nthawi imodzi. Mbalame zokha ndi zimene zinkalira pamwamba pathu.

Mdala uja anandiyang'ana. Kenaka anaseka n'kunena kuti, "Mwanawe, agogo a agogo anga anatsika pano alibe ndi nsapato zomwe, nanji pepala." Azungu ena anaseka nawo. Mdalayo anawongoka, n'kutiuza kuti tiyang'ane kumanzere kumene ankakonzera zombo. Papita zaka zambiri ndikuganizira za bambo ameneyu. Anamva bwino lomwe zimene ndinanena, koma sanatembenuze mutu kufunafuna kuti amalumewo ndi ati, ndipo anachita kulozera maso a anthu onse mbali ina.

Amalume anali ataima kumapeto kwa sitima, atagwira chitsulo chotchingira, nsana ali kwa ife. Sanatembenuke. Ulendo unali usanathe, ndipo pamadzi palibe kotsikira. Munthu wina wa jekete yachikasu anadutsa akuyankhula pa wailesi yam'manja, ndipo ndinaona maso a amayi akumutsatira mpaka anakwera masitepe. Mwina ankangonena za zingwe. Mayi wina wa kutchalitchi, amene ankakhala benchi yoyamba Lamulungu lililonse, anatembenuka n'kuyang'ana amalume nthawi yaitali, kenaka anayang'ana amayi. Mdala uja ankapitiriza kufotokoza, koma sindikukumbukira liwu ndi limodzi lomwe la zimene ananena pambuyo pake. Ndinkangomva injini ikugunda pansi pa mapazi anga. Ndinadziwa kuti ndalakwa. Chimene ndalakwitsa sindinachidziwe, poti sindinanene kuti amakhala kwathu.

Sitima itayamba kuyandikira gombe, tinaona apolisi awiri ataima pamwamba pa mlatho wachitsulo uja, pamene aliyense wotsika ankayenera kudutsa. Apa m'pamene amalume anabwera. Anaima pambali pa amayi ngati mlendo wongodikira kutsika, osawayang'ana, ndipo ananong'ona kuti, "Asisi, akandiimitsa musaime. Simundidziwa." Anatulutsa kiyi wa kunyumba m'thumba.

"Usayankhule zopusa," anatero amayi. Koma kiyiyo anailandira.

Amalume ananyamula bokosi la zakudya la amayi busa n'kutsogola. Ife tinatsalira kumbuyo, pakati pathu pali anthu ngati khumi. Amayi anandigwira dzanja molimba moti zala zinachita dzanzi. Ndinkaona kapusi ya amalume ikukwera mlathowo pang'onopang'ono, ikubisika kuseri kwa mitu ya anthu n'kuonekeranso. Inafika pamene panali apolisi. Mmodzi wa iwo anatambasula mkono, ndipo amayi anaima chilili mpaka munthu wa kumbuyo anatigunda. Koma wapolisiyo ankangolozera njira azungu awiri amene anali ndi mapu. Amalume anadutsa ndi bokosi lawo. Ife titafika pamenepo, wapolisi winayo anandimwetulira n'kundifunsa ngati ndasangalala ndi ulendo. Ndinabisala kuseri kwa amayi.

Pobwerera palibe anaimba. Amayi sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Anatenga kope lija, anawerenga tsamba lililonse, anang'amba awiri n'kuwaika m'chikwama chawo. Basi itaima panjira kuti anthu apite kuchimbudzi, amalume sanatsike. Anabwera kudzakhala pambali panga n'kundipatsa mandasi amene anasunga m'pepala. "Walemba zambiri, mami?" anandifunsa. Ndinayamba kulira, iwo n'kumandisisita pamutu uku akuyang'ana panja.

Milungu iwiri yotsatira inali yaitali kuposa tchuthi chonse. Mayi wa benchi yoyamba uja, amene anali asanaimbepo foni kwathu, anaimba kawiri, akuti kungopereka moni. "Nanga achimwene aja ali bwanji?" Mpaka lero sindidziwa ngati ankafunsa mwachifundo kapena ayi, ndipo amayinso sankadziwa. Galimoto ikaima panja, amalume ankasiya chilichonse chimene agwira. Tsiku lina wobweretsa makalata anagogoda mwamphamvu, ndipo ndinapeza amalume ataima kuseri kwa chitseko cha bafa, ayironi ili m'manja, chingwe chikulendewera. Lamulungu tinasiya kupita kutchalitchi. Amayi ankati ali pa shifiti ngakhale pamene sanali.

Tsiku lotsegulira sukulu amalume anandipesa tsitsi mofatsa kuposa masiku onse. Ananyamula chikwama chawo kumsana. Titafika pakona sanaime, anapitirira nane mpaka pageti penipeni, pakati pa makolo ena, ndipo ndinanyadira kuti anzanga awaona. Anandikonza kolala n'kunena kuti, "Ukaweruka udikire amayi pompano, usayende wekha." Tsiku lomwelo anapita ku Telford kwa mnzawo amene ankagwira ntchito yonyamula katundu m'nyumba zosungiramo zinthu. Anagwidwa patapita zaka ziwiri n'kutumizidwa kumudzi. Pano ali ku Lilongwe, amakonza mafoni, ali ndi ana atatu. Timayankhulana kawirikawiri, koma za sitima ija sanazitchulepo.

Masana a tsiku lotsegulira sukulu lija amayi anabwera kudzanditenga ali mu yunifomu. Titafika kunyumba anakwera molunjika kukachipinda kaja. Ndinawatsatira. Anachotsa nsalu pamatiresi, anaipinda, kenaka anaikumbatira n'kulira mokweza ngati pamaliro, akutchula amayi awo amene anawalonjeza kuti mlongo wangayu ndikamusamala. Atatha kulira anagona pamatiresi opanda nsaluwo, nsapato zili kuphazi, ndipo posakhalitsa anayamba kuliza mkonono. Dzuwa linali likuwalabe pakhoma. Anagona mpaka madzulo osatembenuka, nkhope ili yosalala ngati ya mwana.

Sindinkadziwa kuti chilolezo chawo chokhala m'dzikolo chinkadalira ntchito yawo, ndiponso kuti kwa chaka chathunthu ankadzuka ndi mantha akuti kubisa mlongo wawo kudzatichotsetsa tonse. Ine ndinkangoona mayi amene mlongo wake wachoka m'mawa womwewo, akugona tulo tokoma masana. Ndinaima pakhomo la kachipindako, chikwama cha kusukulu chikadali kumsana, ndipo ndinawada.