Mipando ya Alamu Anga pa Intaneti

Alamu anga ndi kalipentala, ndipo sadutsa munthu osamupatsa moni. Atatsegula tsamba la mipando yawo pa intaneti, mwezi unatha popanda woimba foni. Mipando inadzaza shedi mpaka pakhomo.

Tsiku lina pochokera ku mapemphero ndinawapeza atagwira tsaya. Anandipatsa foni. "Alamu, tawerengani. Ndalakwitsa pati?"

Ndinavala magalasi. Poyamba panali moni, kenako kuthokoza Mulungu, kenako mbiri ya malemu amuna anga, amene anawaphunzitsa kugwira sowo. Ndinakankha ndi chala kanayi osaona mpando.

"Mawuwa ndi okoma," ndinatero, "koma wogula amawerenga ataimirira m'basi, dzanja lina atagwira chitsulo. Mipando ikhale pamwamba."

"Ndiyambe malonda osapereka moni? Ndinaleredwa ndi anthu ine."

"Munthu sakhalira moni, alamu, amakhalira mpando."

Anadula mawuwo monyinyirika, n'kusiya chithunzi cha mpando, mtengo wake, nambala ndi mizere itatu. Za malemu ndinapempha kuti zitsale m'munsi.

Lachitatu foni inalira. Alamu anafunsa mayi woimbayo za ana, za mvula ndi za kuntchito, mpaka mayiyo anati, "Bambo, mayunitsi akunditheratu. Ndisungireni mipando inayi."