Nangula wa Malume

Pakati pa tauni yathu, moyang'anana ndi hotela, pali nangula wadzimbiri amene alendo obwera kunyanja amakonda kujambulitsa naye. Chikwangwani chake chimati anachokera pa sitima yankhondo yamakedzana. Bodza lamkunkhuniza! Nangula ameneyo ndi wa malume anga.

Malume anawolotsa anthu pa boti kupita kuchilumba zaka makumi atatu, kale kusanabwere hotela, mpaka maondo anatha. Boti litawola, iwo ndi anzawo anayi anamuguza nangulayo kuchokera kudoko, thukuta lili kamukamu, kudzamuimika pamenepo.

Dzulo malume anapita kukakhala pambali pa nangulayo, monga amachitira miyendo ikawalola. Mlonda watsopano anawagwira pamkono.

"Madala, tasunthani, mukuwononga zithunzi za alendo."

"Mwanawe, nangulayu ndi wanga."

"Wanu? Tawerengani chikwangwanicho."

Malume sadziwa kuwerenga. Anabwerera kunyumba akutsimphina, chipewa chili m'manja, n'kundifunsa chapansipansi: "Mphwanga, kodi dzina langa analilemba molakwika pamene paja?"

Mpaka pano ndikukukuta mano. Zaka zonsezi, nkhalamba ija inkayesa kuti alendo amawerenga za iyo.