Misangu ya a Jonasi

A Jonasi anabwera kwathu ku Mkanda kuchokera ku Salima, kudzakhala chikamwini kwa mnzanga Dyna. Anali ofatsa mpaka kutopetsa: ukawaponda phazi, opepesa anali iwo. Ankakonza njinga pamsika, koma mtima wawo unali kumunda.

Feteleza atakwera mtengo cha m'ma 1995, anapita kwawo n'kubwerako ndi njere za msangu. Ankati ku Salima chimanga cha pansi pa msangu chimanenepa popanda feteleza. Ife tinaseka, poti kuno mkamwini sadzala mitengo m'munda wa mkazi. Mawa akhoza kuuzidwa kuti anyamule bulangete lake.

Ikali yaing'ono, mitengoyo inkasunga masamba chaka chonse, koma panalibe woilabadira. Itatalika, a Goliati, achimwene ake a Dyna amenenso ndiwo eni mbumba, anabwerera kuchokera ku maesiteti a ku Zambia. Unali Okutobala wa 2002, njala ija ikadali m'maso mwathu. Kumunda kunali mbee, misangu yokha ili biriwiri.

"Alamu, pamthunzi wotere chimanga chingakule?" anatero a Goliati. "Mukufuna kundiphera ana a mlongo wanga? Dulani mitengoyi, apo ayi njira ya ku Salima mukuidziwa."

"Pepani alamu, dikirani mvula. Msangu ukakula umayoyola masamba mvula ikayamba."

"Mtengo wanji wovula pamene anzake akuvala? Chabwino, tidikira."

Chonsecho a Jonasi eni akewo ankakayika. Kwawo n'kotentha, kuno n'kozizira. Nanga mitengoyo ikanakana mwambo wa kwawo?

Mvula inagwa, tinadzala, chimanga chinamera. Masamba osagwa. A Jonasi anaonda tikuona. M'mawa uliwonse ndinkawaona akugwedeza nthambi mobisa, ndipo ine woseka uja ndinawamvera chisoni.

Kenaka kunagwa mvula ya mvumbi, nthaka n'kukhuta madzi. Masamba aja anachita chikasu n'kuyamba kuyoyoka, mpaka mizere yonse inakutidwa, dzuwa n'kumafika pachimanga. Koma a Goliati anatulukira ndi nkhwangwa.

"Yauma yokha," anatero. "Bola tipezepo nkhuni."

Dyna anapala khungwa la mtengo ndi khasu lake. Mkati munali mwauwisi, mukuchucha madzi.

"Achimwene, wouma uli pati? Munda uno amayi anapatsa ine. Mitengo ikhala, mwini wakenso akhala."

A Goliati anakanda khungwalo ndi chala, anayang'ana kumwamba, n'kumapita nkhwangwa ili paphewa. Kunena zoona, ngakhale ine mtima unakhala pansi.

A Jonasi anangokhala pansi pamzere, kwinaku akuseka, misozi ili mbwe.

"Amake Alinafe," anatero a Jonasi kwa Dyna, "zaka zonsezi ine ndimadziyesa mlendo."

"Mlendo wa ana anayi?" anatero Dyna. "Tadzukani apo, mwakhalira chimanga chanu."